Tsiku limene anadula Mvuu

Padangokhala. Tili tonse.

Nthano iyi ndinaimva kwa anganga anga kwa Makanjira, usiku wina titangomaliza kuwerenga kalata ya Paulo kwa Agalatiya m'Buku Lopatulika. Kwathuko Akhristu ndife ochepa, anansi athu ambiri ndi Asilamu, koma anganga poikamba sankaloza chala kumzikiti ayi. Ankaloza ife tomwe a m'tchalitchi, ndipo ine mpaka lero imandiluma mumtima.

Chaka china nyanja inakwera monga inachitira mu 2024, pamene inameza madoko, mathandala oyanikapo usipa ndi nyumba za m'mphepete. Kufupi ndi mabwinja a Fort Maguire kunali kachitunda kamene nyama zinkagonapo. Tsiku lina zinadzuka madzi atazinga ponseponse, mwera uli wii, mafunde akungonyema mchenga ngati munthu akutema nsima.

Mkulu wa nyamazo anali Che Kamba. Akuluwa anali akale zedi. Anaona Cecil Maguire akuphedwa m'madzi a kuno mu December 1891 polimbana ndi zombo za mfumu Makanjira. Anamva za Bishopu Chauncy Maples, amene anamira kutsidya cha ku Salima mu 1895. Sitima ya Ilala ikuyamba ulendo wake mu 1951 iwo n'kuti ali kale ndi zidzukulu. Pa zonsezi anatolapo chinthu chimodzi: nyanja sawoloka ulere. "Ngakhale Ilala imafuna tikiti," ankatero.

Tsono anadziikira malamulo. Osaba, osanama, osalowa m'munda wa mwini. Amenewa anali abwino, ndipo ndisawanamizire, ankawasungadi. Koma anawonjezera ena: osamwa pamene wamwa fisi, osadya bowa dzuwa litapendeka, kusamba mapazi katatu usanaponde padoko. Akasunga lamulo tsiku lathunthu ankatola mwala wosalala n'kuponya m'thumba. Madzulo ankaikhuthula miyalayo n'kumaiwerenga mokweza kuti Gwape ndi Nungu amve. "Tsiku la chigumula," ankati, "ndidzalipira ndi imeneyi."

Che Fisi analibe mwala ngakhale umodzi. Mbuzi za anthu kuyambira ku Lungwena mpaka kumalire a Mozambique zinathera m'mimba mwawo, ndipo iwo eni ankadziwa.

Madzi atafika m'mawondo, m'bango munatuluka Mvuu. Msana wake unali zipsera zokhazokha, zina za mikondo ya alenje, zina za mano a ng'ona. Ng'onazo zinali zitandanda kale pakati pa chitunda ndi mtunda, zikudikira chakudya.

"Kwerani," anatero Mvuu. "Ndikuwolotsani."

"Ndi zingati?" anafunsa Nyani.

"Ulere. Mtengo wake ndi uwu mukuuona pamsanapu, ndinalipira kale. Inu ingokwerani, mugwire zolimba."

Fisi anayamba kulira. "Ambuje, mwina simukundidziwa. Ine ndine uja..."

"Ndikukudziwa. Kwera."

Fisi anakwera akunjenjemera, Nyani pambuyo pake, kenako Gwape ndi Nungu. Che Kamba anabwera akukoka thumba lawo, thukuta lili kamukamu. Mvuu anati thumbalo litsale.

"Litsale? Zaka zonsezi? Ndiye ine ndi Fisi tisiyana pati?"

"Pamadzi pano simusiyana. Nonse simutha kusambira."

Che Kamba anakana. Anati sangakhale msana umodzi ndi wakuba, ndipo chaulere ndi cha alesi. Anamanga kaphaka ka bango, anakwezapo thumba, anayamba kupalasa ndi timiyendo tawo. Sanapite patali. Funde loyamba linapendeketsa phakalo, lachiwiri linaligudubuza. Thumba anali atalimangirira m'khosi kuopa kuti lingatayike, ndipo linawakokera pansi mutu uli kutsogolo. Ali m'kati momwa madzi anafuula mawu amodzi okha amene sanali m'malamulo awo: "Ndithandizeni!"

Mvuu anali atatsitsa kale anzawo aja kumtunda. Anabwerera, anamira, analuma chingwe n'kuwanyamula pamphuno. Ng'ona ina inamung'amba pantchafu, magazi n'kufiiritsa madzi, koma sanawataye. Miyala ija ili pansi pa nyanja mpaka lero, mbuna zikubisala m'mipata mwake.

Sabata yoyamba kunali kuyimba. Fisi ankauza aliyense wokumana naye kuti anawoloka popanda kanthu m'manja, ndipo anabweza ana a mbuzi awiri amene anali atabisa kuphanga, popanda womutuma. Anganga akafika apa ankaima kaye n'kunena kuti chisomo chikalowa bwino mumtima, zipatso zimabwera zokha. Che Kamba nawo anakhala chete masiku angapo, mutu uli m'chigoba.

Koma akuluakulu anati kamba amanyera amene wam'tola. Mwezi usanathe nkhani inayamba kusintha. Che Kamba anati anali atasambira kale theka la ulendo, Mvuu anangomalizitsa. Nyani anati iye anasankhidwa chifukwa anakhala bwino pamsana, miyendo ataipinda mwaulemu. Ndipo onse anagwirizana kuti msana wopatulika chotere sungamakweredwe ndi aliyense wongobwera ndi matope ake. Anapanga komiti ya padoko. Wapampando Che Kamba, mlembi Che Nyani, msungichuma Che Fisi.

Malamulo analembedwa pakhungwa la mbawa. Wofuna kuwoloka ayambe waphunzira kalasi miyezi isanu ndi umodzi. Akhale ndi khadi losonyeza kuti chopereka chake cha usipa chili bwino mwezi ndi mwezi. Asambe mapazi katatu. Wa mbiri yoipa abwere ndi mboni ziwiri. Lomalizali analipempha ndi Che Fisi.

Madzi atakweranso, nyama zinadzaza padoko lina lotsika, zikulira. Khoswe anafika ndi ana ake asanu ndi atatu, onse atanyowa.

"Khadi lili kuti, mayi?" anafunsa Che Fisi.

"Lapita ndi madzi, achimwene."

"Nanga tiziti bwanji? Inu a Khoswe mbiri yanu ya m'nkhokwe tonse tikuidziwa. Pano sipokwera mbava."

Khoswe anawayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, n'kutembenuka ndi ana ake kulowera kubango. Kumeneko anapeza Mvuu atagona m'madzi, msana uli poyera. Mvuu sanafunse za kalasi. Anawolotsa Khoswe, anawolotsa Kanyimbi amene komiti inamubweza chifukwa cha fungo, anawolotsa Njoka imene inalephera kusamba mapazi popeza ilibe. Usiku wonse ankangopita n'kubwera, zilonda zatsopano zikuwonjezekera pa zakale.

M'mawa komiti inamva, ndipo inaitanitsa bwalo. Mvuu anabwera, anaima m'madzi kumaso kwa doko.

"Che Mvuu," anayamba wapampando, "ntchito yanu timailemekeza. Ndife tomwe timaiteteza. Koma mwawolotsa anthu opanda makhadi, osaphunzira, ena onunkha. Mwanyozetsa msana wanu womwe. Mukuti bwanji?"

"Anali kumira," anatero Mvuu.

"Limenelo si yankho. Lamulo likuti chiyani?"

"Inu tsiku lija munali ndi khadi?"

Mlembi anafunsa ngati funsolo alilembe. Wapampando anati lisalembedwe, chifukwa silinali pamndandanda wa zokambirana. Anakambirana mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo chigamulo chinatuluka: Mvuu wadulidwa miyezi isanu ndi umodzi, asawolotse aliyense kufikira atalapa pamaso pa komiti.

Pomwe Nyani ankawerenga chigamulocho, khungwa linayamba kunyowa m'manja mwake. Nkhani itawakomera, sanaone kuti madzi adula doko kumbuyo kwawo. Mwera unali utayambanso, ndipo maso awiriawiri anali atatundumuka pamadzi mozungulira.

Fisi ndiye anayamba kulira, kulira komwe kuja kwa chaka chatha. "Ambuje..."

Mvuu anasendera pafupi, anatsitsa msana. "Kwerani."

"Koma mwadulidwa," anatero Che Kamba ndi mawu otsika, madzi ali m'khosi.

"Ndamva. Kwerani."

Anakwera onse atatu, mapazi osasamba, bokosi la makhadi likuyandama kulowera ku Salima. Ulendo wonse panalibe wolankhula. Atayandikira kumtunda, Che Kamba anasendera kwa Nyani n'kunong'ona kuti m'buku alembe kuti komiti inakwera pofuna kuyendera msana ngati uli waukhondo. Potsika, anaona kamwala kosalala pamchenga. Anayang'ana uku ndi uku, anakatola, n'kukalowetsa m'chigoba.