Bwana, Galimoto Yatani?

Adokotala atandiyeza BP anapukusa mutu ngati munthu amene wapeza ng'ombe za eni m'munda mwake mwa mpunga. Pamwamba pa mapiritsi anandilembera mankhwala achilendo: ndiziyenda pansi mphindi 30 patsiku, masiku asanu pamlungu. Akuti bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pamlungu, ndipo kuyenda mwandawala kumatsitsa BP, kumaweta shuga, tulo nkumabwera tokha. "Muziyenda kumene kuli mitengo ndi madzi," anatero. "Mtima umakhala m'malo."

Anangoiwala kundifunsa kumene ndimakhala. Ine ndimakhala pa Songwe.

Kuno munthu sayenda chabe. Aliyense woponda msewu wa M1 ali ndi chifukwa chooneka ndi maso: thumba la mpunga wa Kilombero pamutu, mkoko wa nthochi panjinga, zitenje zochokera ku Kyela, kapena mpukutu wa makwacha ndi mashilingi m'manja. Koma bambo wamimba yake, nsapato zoyera mbee, manja ali lendelende, ameneyo ndi mlandu wofunika kuufufuza.

Tsiku loyamba, ndisanapitirire ngakhale golosale yachiwiri, wakabaza anandiimira kutsogolo.

"Bwana, galimoto yatani?"

"Ili bwinobwino."

"Ndi mafuta eti?"

"Alimo."

Anandiyang'ana mwachifundo. "Kwerani basi, mudzalipira mwezi ukatha. Mavuto ndi a tonse." Nditakana, anzake atatu a njinga zamoto ananditsata pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro.

Pafupi ndi mlatho anyamata osintha ndalama anandiunjirira. "Madala, tisinthe zingati?" Nditawauza kuti sindikuwolokera ku Kasumulu, ndingofika apa nkubwerera, mmodzi ananong'oneza mnzake kuti ndikuwerenga matanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, ndatumidwa. Kuyambira tsiku limenelo moni amandipatsa ndi manja awiri, mipukutu ija ili m'sokosi.

Ndinakumbukira za mitengo ndi madzi. Paki yotchuka kumpoto kuno ndi Nyika, koma kuti ukayende pansi kumeneko uyenera kuyamba watswa msana m'galimoto maola ambirimbiri. Choncho ndinalowera kumtsinje kwathu konkuno. Songwe naye ndi woyendayenda ngati ine: akasefukira amasintha njira, munda wogona ku Malawi nkudzuka uli ku Tanzania, ndipo palibe amamufunsa chiphaso. Kamphepo kanali yaziyazi, mpunga uli biriwiri, mtima nkuyambadi kukhala m'malo. Mwadzidzidzi mnyamata anatulukira m'nthochi.

"Katundu ali pati, madala? Bwato lilipo. Shuga timawolotsa usiku."

"Shuga amene ndili naye ine ali m'magazi."

Anakanda mutu. "Ameneyo sitinawolotsepo. Koma mtengo tikhoza kukambirana."

Pofika Lachisanu nkhani inali itandipitirira. Ena amati ndikuthawa akatapila, ena amati ndili ndi chibwenzi tsidya lija. Amayi awiri a kumpingo anabwera kudzapemphera ndi mayi a kunyumba, poti anamva kuti bambo ayamba kuyenda okha kumtsinje nkumamwetulira mbalame.

Mwana wanga, wa sukulu zake, anati vuto ndi umbuli wa anthu. Anandiikira pafoni kowerengera mapazi, akuti ndizikwanitsa 10,000 patsiku. Nambala imeneyi, iye yemwe anavomera, inachokera kwa amalonda a ku Japan amene ankatsatsa kachipangizo kowerengera mapazi mu 1965. Anaonjezera kuti mu 1982 a ku Japan omwewo anapatsa dzina mchitidwe wokapuma m'mitengo, shinrin-yoku, kutanthauza kusamba m'nkhalango.

Apongozi anga, amene ankapeta mpunga pakhonde, anaika lichero pansi.

"Ndiye kuti ine ndakhala ndikumwa mankhwala moyo wanga wonse osadziwa? Kumunda wapansi, kunkhuni wapansi, kuchigayo wapansi. Ife timati umphawi. Kani ukavala nsapato zoyera umasanduka chithandizo?"

Panalibe anayankha. Kenaka anandilangiza mwaulemu, maso ali kumbali monga mwa mwambo: "Bambo, anthu sakudana ndi kuyenda kwanu. Akudana ndi manja anuwo. Nyamulani kanthu."

Mmawa mwake ndinatenga chigubu chopanda kanthu. Zodabwitsa! Wakabaza anangondidutsa. Osintha ndalama sanandione nkomwe. Ndinayenda mphindi 30 zonse mumtendere, ngati munthu wamba wokhala ndi kopita.

Mtenderewo unatha masiku awiri. Lachitatu lake mayi a kunyumba anati, "Abambo, poti mjigo uli panjira yanu yomweyo..."

Lero ndimapita ndi chigubu chopepuka, nkubwera ndi malita 20. Lamba ndaboola kale kachibowo kena, BP yatsika, adokotala akuti ndipitirize zimene ndikuchitazo. Pa Songwe ponse akuti ndinadyetsedwa khuzumule. Sindikutsutsa. Mwa matenda onse amene andipeza nawo kuno, ndi okhawo amene salira kabaza.