Mpunga wanga unaolera ku Lufilya

Kwathu ndi ku Dedza. Ku Karonga ndinapitako ndi ntchito yauphunzitsi, ndipo ndinakwatira komweko, mkazi wa Chingonde wa kufupi ndi mtsinje wa Lufilya, ukamalowera ku Kaporo pamsewu wa ku Songwe. Malipiro a mphunzitsi aliyense akuwadziwa. Nditaona mmene anthu a ku Lilongwe amaulimbiranira mpunga wa Kilombero, ndinati nanenso ndiyeseko. Mkazi wanga ananditengera ngongole ku banki mkhonde ya gulu lawo, ndipo mu Juni, anthu akukolola, ndinagula matumba a mpunga wosapuntha kwa alimi a m'sikimu ya mpunga ya kumeneko kuti ndidzagulitse m'dzinja mtengo ukakwera.

Posunga ndi pamene panasowa. Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anali ndi nyumba chakumunsi kwa mudzi, yomwe anasamukamo khoma litang'ambika ndi chivomezi cha mu Disembala 2009. Nkhaniyi tinaikambirana amuna okhaokha patsinde pa mango, titatha kudya mbalaga. Ndinafunsa za madzi. Alamu anayankha mosazengereza: "Ikani momwemo alamu, madzi kuno safika." Apongozi anagwedeza mutu kuvomereza, tinalowa nkhani za ng'ombe, zatha.

Akazi awo a alamu sanali pamenepo, ndipo sakanakhalapo. Mwambo wa Angonde umafuna kuti mkazi wokwatiwa pamudzi aziwapewa apongozi ake aamuna: sakhala nawo pafupi, ndipo dzina lawo salitchula. Mabanja ena anaufewetsa mwambowu, koma pakhomo lija unkasungidwa. Mayiwo anandipeza ndili ndekha pakhomo pa nyumba ija, ndikuwerenga matumba. Anagwada chapatali n'kuyamba moni wautali, kufunsa za makolo ku Dedza, za kuzizira kwa kumeneko, za mbatata. Kenaka anati: "Nyumba iyi imatopetsa kuzira. Dothi limangokakatuka, kuyambira pansi kufika apa." Anagwira bondo lawo. Anapitiriza kuti chaka chapitacho munali nkhuku yofungatira mazira, koma mu Febuluwale anaisamutsira kukhitchini yakumtunda.

Ine maso anali pa kope langa. Ndinaganiza kuti mayiwa akudandaula za ntchito ndipo akupempha thandizo mozungulira. "Musadandaule mayi," ndinatero, "ndikagulitsa mpungawu ndikugulirani simenti." Anayankha kuti "Ndaga," kutanthauza zikomo, n'kunyamuka. Khomalo linali pambali panga, ndipo linalidi ndi mzere wakuda wolekeza m'bondo, kuzungulira chipinda chonse. Ndinauona, koma sindinafunse kuti waulemba ndani.

Usiku mkazi wanga anayesanso. "Kodi bambo, mwamva zimene amanena alamu zija?" Ndinati ndamva, akufuna simenti. "Komatu nkhuku ija anaisamutsa." Ndinamuuza kuti ndatopa, za nkhuku tikamba mawa. Mawalo silinafike.

Mu Malichi mvula inagwa masiku otsatizana kumapiri, Lufilya anasefukira usiku. Nditafika m'mawa madzi anali ataphwa, koma matope anali atalekeza pamzere womwe uja. Matumba apansi ananyoweratu, apamwamba anagwera m'madzimo muluwo utatsetsereka. Tinayanika pamphasa ndi pamalona, mvula osaleka. Pasanathe sabata mpunga unayamba kumera m'matumba, wina unada n'kuyamba kununkha chowawasa. Wotsala ndinaugulitsa motaya kwa oweta nkhuku.

Chondichititsa manyazi kwambiri ndi chimene ndinachita madzulo ake. Ndinakalipira mkazi wanga kuti bwanji iye, mwana wa pamudzipo, sanandichenjeze. Anandiyang'ana n'kunena modekha: "Tinakuuzani. Mumafuna alamu anene poyera kuti amuna awo ndi apongozi awo alakwitsa? Mawa lake akanakhala bwanji pakhomo pano?" Ndinasowa choyankha. Ndipo pamsonkhano wa banki mkhonde amene anaimirira pamaso pa anzake kupempha kuti amuonjezere masiku anali iyeyo, osati ine.

Alamu anga sanandinamize dala. Iwo ankafuna kundilandira bwino, ndipo pakati pa amuna mawu oti "sindikudziwa" amalemera kutuluka, makamaka pamaso pa bambo ako ndi mlendo. Komanso chisamukireni nyumba ija sankalowamo. Wolowamo ndi tsache anali mkazi wawo. Monica Wilson, yemwe anakhala pakati pa Anyakyusa, abale a Angonde, m'zaka za m'ma 1930, analemba m'buku lake la Good Company la mu 1951 kuti amuna a kuderali ankalemekeza kwambiri kudya ndi kucheza ndi amuna anzawo. Machezawo ndi okoma, ndipo ine ndimawakonda, koma odziwa za mkati mwa nyumba sakhalapo. Nayenso Deborah Tannen wa ku America, m'buku lake la mu 1990 lotchedwa You Just Don't Understand, anafotokoza kuti amuna ambiri akamva mkazi akutchula vuto amathamangira kupereka yankho asanamvetse chimene akuuzidwa. Simenti yanga inali yomweyo.

Komabe sindikhulupirira kuti akazi anabadwa olankhula mozungulira. Pitani pamsika wa pa boma la Karonga mukanenerere mtengo wa mpunga kwa amayi ogulitsa, akuyankhani mosapsatira mawu. Mayi aja anazungulira chifukwa cha malo awo pamudzi wa eni. Ndipo zimenezi ndinayenera kuzizindikira kuposa wina aliyense, chifukwa kwathu ku Dedza, kuchikamwini, wolankhula mozungulira ndi mwamuna. Bambo anga akafuna kutsutsa malume ankayamba ndi nkhani ya munda wa munthu wina, ife ana n'kumadziwa kumene ikupita. Ndinakula ndikumva kalankhulidwe kameneka tsiku ndi tsiku, koma katatuluka pakamwa pa mkazi ndinakatenga ngati macheza a kukhitchini.

Ngongole ija tinabweza ndi malipiro anga, ndipo mkazi wanga anakhala nthawi yaitali anzake akuzengereza kumukongozanso. Kwa akazi a alamu ndinakapepesa kudzera mwa iye, monga mwambo ufunira. Amuna anzanga, makamaka inu okwatira kutali ndi kwanu: munthu amene saloledwa kukutsutsani pagulu akakutsatani pambali n'kuyamba nkhani yooneka ngati yopanda mutu, ikani kope pansi. Mufunseni kuti nkhukuyo anaisamutsiranji, ndipo mudikire amalize.