Kadyedwe ka Khirisimasi m'tauni: malangizo kwa abale a ku Chileka ndi ku Lirangwe

Banki m'khonde yagawana, mbuzi ija yapita pa msika wa Lunzu, ndipo ana alengeza kale m'mudzi monse kuti chaka chino Khirisimasi akadyera ku Blantyre. Bambo, mawu munaponya mu Okutobala muja mutakhuta thobwa sanagwe pansi, ana anawawakha. Pothawira palibe. Chatsala n'chakuti tikuthandizeni kupita m'tauni ndi banja lonse, kuona zonse zooneka, n'kubwerako ndi ana okwana chiwerengero chomwe munanyamuka nacho, ndalama ya feteleza wobereketsa ikadali pamfundo ya chitenje cha amayi.

Yambani mwachotsa mantha. Za m'taunimo zambiri n'zanu zomwe, kungoti zikafika uko sizipatsanso moni. Madzi amene amasamba a ku Namiwawa ndi ku Sunnyside amatungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, n'kudzapumira pa Chileka pomwepa, pamene makina a Blantyre Water Board amawakankha kuti akwere chitunda. Magetsi ochokera ku Nkula ndi ku Tedzani amadutsa pamwamba pa minda yanu osacheuka n'komwe. Makala amapita pa njinga m'bandakucha, tomato ndi anyezi pa lole, mbuzi pa kabaza. Ngakhale mlonda wa pageti ndi mtsikana wolera ana m'nyumba za mipanda zija, mukafunsitsa, kwawo n'konkuno. Ndiye ulendowu muutenge ngati wokazonda mwana amene anapita ku chitengwa: mukaone mmene wanenepera, mumuyamikire, koma musayembekezere kuti akupatsirani kanthu pobwerera.

Nyamukani pa 24, m'mamawa, mvula isanaganize zochita. Nsapato zatsopano zikhale m'jumbo mpaka mutaponda phula, chifukwa matope a Disembala sadziwa kuti kaunjika wakwera mtengo. A ku Lirangwe muli ndi mwayi woti M1 inakudutsani pakhomo. Tsoka lake n'loti minibasi ikamafika imakhala itadzaza kale pa Zalewa ndi pa Mdeka. Musadandaule. Kondakitala akati malo alipo ndiye kuti alipodi, kungoti pakadali pano pakhala munthu wina. Lamulo limati atatu pampando. Wachinayiyo ndinu, ndipo ntchito yanu ndi yowerama mukamayandikira apolisi a pamsewu. Mtengo mupeza utakwera, chifukwa chake ndi mafuta: akasowa umakwera poti asowa, akapezeka umakwera poti dalaivala anagona pamzere powafuna. Chopulumukira n'chimodzi. Tsiku limeneli m'banja mwanu mulibe mwana wamkulu. Aliyense amene sanalowe m'banja ndi wapamiyendo, kuphatikizapo wa Fomu 2 uja wayamba kumera ndevu. Kondakitala akatsutsa, muuzeni kuti ndi thupi chabe, akuchimuna kwawo ngotero.

A ku Chingale amene mwabwera kudzakwerera pa Lirangwe, landirani ulemu wathu. Msewu wanu uja maboma akhala akuulonjeza mosinthanasinthana, ndipo inu mwafikabe, matope ali m'mawondo. Mukhale kutsogolo.

A ku Chileka mukumana ndi anzanuwa pa Kameza. Pamenepa tsegulani maso, muyang'ane minibasi zotuluka m'tauni. Ngati munalakwitsa n'kuimbira foni achimwene a ku Ndirande kuti mukubwera, muwaona pawindo ndi banja lawo lonse, ali pa ulendo wa kwanu kukadya Khirisimasi kumudzi, kumene amva kuti nkhuku zimangoyendayenda zopanda mwini. N'chifukwa chake m'bale wa m'tauni sauzidwiratu. Mumangotulukira, mwana kumsana, nkhuku m'khwapa, odi ali pakamwa.

Musanatsike, gawani ndalama patatu: ina m'sokosi, ina pamfundo ya amayi, ina yochepa m'thumba la malaya kuti opisa m'matumba asakhumudwe n'kuyamba kufufuza kwina. Mnyamata akakuitanani kuti "biggy" kapena "bwana", dziwani kuti sanakuoneni ukulu, waona thumba. Wina akagwetsa chikwama chotupa patsogolo panu n'kukunong'onezani kuti mukagawane kuseri, muuzeni kuti kwanu banki m'khonde inagawana kale.

Malo oyamba ndi Chichiri. Mukatsika mu Blantyre kwerani ya ku Limbe, mutsikire pa sitolo yaikulu ya pamenepo. Powoloka msewu wa Masauko Chipembere gwiranani manja kuyambira agogo mpaka chitsirizira, popeza galimoto za m'tauni sizidziwa kuti kwanu ndinu nduna ya amfumu. Nkhuku salowa nayo m'sitolo. Apongozi akhale nayo panja pamthunzi, ndipo akadandaula muwauze kuti mwawasankha kukhala msungichuma. Ena nonse tengani kangolo kokankha kaja, mukwezemo wamng'ono, muyende mzere uliwonse modekha, nkhope ili ya munthu wosankha. Nyamulani chinthu, werengani mtengo, pukusani mutu pang'ono kusonyeza kuti vuto si ndalama koma mtundu wake, bwezerani pamalo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, a m'tauni enieniwo nawonso amagula chomwechi, choncho palibe amene akuzindikireni kuti ndinu alendo.

Kumafiliji khalitsaniko. Munthu wochokera kotentha ngati ku Lirangwe sayenera kudutsa pamenepa mothamanga. Kamphepo kozizira kaja n'kaulere, ndipo ndi mphatso yokhayo ya Khirisimasi imene ikwanire banja lonse popanda wolira. Funsani mtengo wa soseji kuti muoneke kuti muli ndi chifukwa choimira. Mukafika pa tomato wokutidwa m'pulasitiki, amayi akhoza kumuona ngati yemwe uja anagulitsa pa mulu dzana. Akayamba kuwerenga mtengo wake agwireni dzanja, angakuwe.

Ana akaona bambo wovala zofiira zaubweya, ndevu za thonje, thukuta lili kamukamu, asathawe. Afotokozereni kuti zovalazo n'za kumaiko kumene Disembala ndi mwezi wa chisanu choopsa, ndipo mwini wakeyo ali pa ganyu monga wina aliyense. Akapanda kuwapatsa switi asamutukwane, naye ali ndi ake akudikira ku Bangwe. Jambulitsani pafupi ndi mtengo wa pulasitiki wa nyali zophethira uja, kenako panja, chigongono chitayandikira galimoto yabwino koma osaikhudza, ina imalira. Potuluka gulani buledi mmodzi ndi botolo la Sobo. Jumbo yolembedwa dzina la sitolo muisamale koposa buledi, chifukwa kumudzi umboni ndi umenewo.

Chapafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zakale ya Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966. Panja pali mutu wa sitima yakale ndi galimoto za nthawi ya atsamunda, ana akondwa nazo. M'kati muli zipangizo za makolo athu, ndipo zina n'zofanana ndendende ndi zimene mwasiya pakhonde m'mawa uno. Musaseke. Lipirani pakhomo, muwerame, muwerenge bwino kapepala kofotokoza mmene anthu akale ankakhalira. Amayi amene asinja chimanga dzulo lomweli aphunzirapo kanthu. Bwalo la Kamuzu lioneni muli kunja, ndipo wina akakufunsani ngati ndinu a Maule kapena a Manoma, musayankhe musanaone mtundu wa malaya ake.

Nkhomaliro ndi ya pachiwaya. Mbale imodzi ya tchipisi, timitengo tobayira tokwana aliyense. Kabichi ndi tsabola salipiritsa, ndiye musachite manyazi. Fanta mmodzi amakwana ana anayi bola bambo agwire botolo, chala chili pamzere pamene aliyense ayenera kulekezera. Zakumwa musachulutse. M'tauni chimbudzi n'cholipira, ndipo tchire lodalirika lili ku Michiru.

Ngati muli ndi m'bale wochokera ku Joni, chakumadzulo pitani ku Wenela. Basi yake inalowera pa Mwanza, n'kudutsa pa Zalewa, n'kudutsanso pa Lirangwe pakhomo panu penipeni iye akukubayibitsani pawindo. Koma filiji ndi matilesi zili m'ngolo yakumbuyo, ndipo zikatsitsidwa m'tauni kuti zibwererenso njira yomweyo pa galimoto ya hayala. Mulandireni ndi misozi. Akati "eish" musafunse kuti chawawa n'chiyani. Thamangirani chikwama cholemera kwambiri, popeza wosenza saiwalika pogawa. Agogo mukawatenga akumbutsa onse kuti iwo ku Joni anapita pa ndege, kukwerera pa Chileka, masiku a Wenela Kamuzu asanaletse mu 1974, osati zotupa miyendo m'basizi. Asiyeni anene. Chaka chonse amadikira tsiku limeneli, ndipo nkhaniyo ndi yoona.

Kwa achimwene mufike dzuwa litalowa, nthawi imene munthu wa umunthu wake sangabweze mlendo. Alamu anu amwetulira ndi mano okha. Perekani nkhuku msangamsanga, aneba akuona, kuti nkhani ya mphasa ikambidwe mwaulemu. Nyumba ndi ya chipinda ndi balaza, koma ikwana: amayi kuchipinda, abambo pabalaza, ana pansi pa tebulo, wa Fomu 2 uja pakhomo kuti akhale loko. Magetsi akazima musaseke, ingotulutsani tochi yanu mwakachetechete. Mpopi ukayamba kutulutsa mpweya wokhawokha atonthozeni eni nyumba, muwauze kuti madziwo mwawasiya pa Chileka ali bwinobwino, akubwera. Mtengo umene makala a m'mbaulawo amagulidwira kwanu musautchule, mungadwalitse munthu mtima pa chikondwerero. Alamu akayamba kunena mokweza kukhitchini kuti mlendo ndi mame, ayankheni mofatsa kuti m'dzinja muno mame amachedwa kukamuka.

Pa 25 m'mawa ndi kutchalitchi. Ngakhale muli a mpingo wina, kaoneniko St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, pafupi ndi sukulu ya HHI. Inamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, woyang'anira ali m'busa David Clement Scott amene sanaphunzirepo zomangamanga, omanga ali anthu akonkuno, njerwa zoumba ndi kuotcha pamalo pomwepo. Mpaka lero ili chiimire. Ana akafunsa chifukwa chimene buloko ya kusukulu kwawo, yomangidwa ndi kontilakitala wa mapepala ake onse, inasasuka denga ndi mvula yoyamba, auzeni kuti m'tchalitchi salongolola. Chopereka konzeranitu kunyumba, ndalama zing'onozing'ono thumba lakumanja. K5,000 ija, imene inatuluka mu 2022, ikhale thumba lina lakutali, la batani. Dzanja likalakwa thumba nyimbo ili pakati, mbale ya chopereka sibweza chenje.

Masana ndiye Khirisimasi yeniyeni, mpunga wa nkhuku. Mpunga ngwawo, nkhuku njanu, choncho idyani mutu uli m'mwamba. Pavuta ndi pa nthutumba. Mwambo umati ipite kwa mwini khomo kapena kwa mlendo wolemekezeka, koma pano mlendo ndiye mwini nkhuku, ndipo mwini khomo ndiye wagula mafuta ophikira pa mtengo umene sakufuna kuukumbukira. Mlandu wotere suthera pamphasa. Ipatseni agogo, amene alibe mano, aiyang'ane kanthawi kenako aipereke kwa amene amkonda, nonse mudziwe pamene muli. Ana a m'tauni akanena kuti nkhuku yachikuda njolimba, musawakakamize. Gawo lawo lili ndi olilirira.

Tisaiwale amene mbuzi yawo sinapeze wogula. A ku Chileka muli ndi njira yachidule yosafuna kondakitala. Bwalo la ndege lili pakhomo panu, ndipo a m'tauni amayenda makilomita 16 kuti alipeze. Analipatsa dzina la Bakili Muluzi, ngakhale oitanira pa siteji akukuwabe Chileka. Valani za Khirisimasi zija, imani kumpanda, dikirani ya ku Johannesburg itere. Bayibitsani aliyense wotsika, wina angaganize kuti ndinu abale ake. Ana akaona ndege ikunyamuka saumiriranso za Chichiri mpaka madzulo, ndipo nsima mukadya yotentha kwanu. A ku Lirangwe muli ndi njanji, koma sitima ilibe pangano ndi munthu, tengani mpando.

Bwererani pa 26, udzu m'munda sunapite kutchuthi. Pa siteji werengani ana kawiri. Akachepa ndi vuto, akachuluka ndi vuto loposa, chifukwa alamu akhoza kukuphatikizirani wawo mmodzi kuti akacheze ndi agogo mpaka sukulu itatsegulira. Pofika kumudzi tsikirani chapatali pang'ono kuti muyende m'njira ya anthu, jumbo ija ili patsogolo, dzina la sitolo likuyang'ana kunja. Ofunsa za m'tauni musawafotokozere zambiri. Ingonenani kuti kwasintha, mupukuse mutu, mulowe m'nyumba.

Chapakati pa Januwale foni ilira. Ndi achimwene, mawu ali ofewa, kufunsa moyo wa ana mmodzimmodzi ndi maina awo, kenako za mvula, kenako ngati m'nkhokwe mwatsalako kenakake, poti landilodi waima pakhomo ndipo fizi yadya zonse. Musawakanize, ndi magazi anu. Auzeni kuti thumba lilipo, adzatenge okha. Abwere Loweruka m'mamawa pamodzi ndi alamu ndi ana aja amati nkhuku yachikuda njolimba, nsapato zabwino asiye ku Ndirande, popeza makasu apadera alipo ndipo mizere yobandira yatsala yambiri.