Ulemu upite kwa a Sapu

Pamwambo wa omaliza maphunziro timaombera m'manja aphunzitsi, makolo, ngakhale amalume amene anatumiza ya sopo kamodzi kokha kuchokera ku Joni. Koma mphunzitsi wamkulu kuposa onse dzina lake silimveka. Ndikunena a Sapu, mayeso obwereza aja amene amaitana wophunzira malikisi ake akaperewera pang'ono. Lero ndawaimirira ine.

Taonani kafikidwe kawo. Mnyamata wophunzira utolankhani ku Mzuzu wabwera kutchuthi kwawo ku Chintheche. Wadya kondowole wa batala, wasamba m'nyanja, ndipo pamsika ayamba kale kumuitana kuti "atolankhani". Kenaka foni yake yati ngwee, zotsatira zatuluka. A Sapu sabwera ndi ng'oma. Amangokhala phee pambali pa dzina la phunziro, basi nsima ya tsikulo yakanika kutsika. Ndi mlendo utinso amene angatsegulitse kope mnyamata wa patchuthi, anzake akutakata bawo pansi pa mtengo wa mango?

Ntchito yawo yoyamba ndi kuthetsa mabodza. Sabata yoyamba wolakwa ndi mphunzitsi, ati ngwakaduka. Yachiwiri olakwa ndi magetsi. A Sapu sakangana ndi munthu, amangodikira. Pofika yachitatu mnyamata amafunafuna pepala la mafunso lija m'chikwama, n'kukumbuka kuti funso loyamba analitayira ola lathunthu, lachinayi sanalikhudze n'komwe, ndipo pamene anati "siyanitsani" iye anangokhuthula zonse zimene analoweza usiku.

Funso lina linali la mbiri ya nyuzipepala m'Malawi, ndipo apa mpamene ndimawavulira chipewa akuluakuluwa. Mwana wa ku Chintheche anadzaza masamba awiri ndi Gutenberg ndi BBC, koma amene anayambitsa The Nation mu 1993 anamuthawa m'mutu. Chonsecho ndi Aleke Banda wa ku Tukombo, mumsewu wa M5 womwewu ukamalowera ku Dwangwa, amene ali kamnyamata anali kale mkonzi wa Malawi News, nyuzipepala imene inayamba mu 1959. Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo bungwelo linali ndi nyuzipepala yakeyake, Workers' Herald. Zina mwa izi agogo a pakhonde akanamuuza kwaulere. Aphunzitsi a madigiri analephera kumukhazika pamkeka kuti afunse. A Sapu amukhazika, ndipo akuchita kuomba m'manja pofunsa.

Nanga kalembedwe ka nkhani? Kwathu uthenga wa maliro sauponya chiponyeponye. Mthenga amayamba ndi malonje, afotokoze mmene matenda anayambira, ulendo wa kuchipatala, mankhwala amene anayesa, kenaka pamapeto penipeni ndiye akuti "atisiya". Ndi ulemu wabwino umenewo. Koma nyuzi imayenda chambuyo: ndani, watani, kuti, liti, zonse m'chiganizo choyamba, zifukwa zizibwera pambuyo. Mnyamata wathu analemba nkhani ya ngozi ya bwato ngati mthenga wa maliro, moti bwato linamira m'ndime yachisanu, wochonga atatopa kale.

Muoneni lero. Akudzuka m'bandakucha kupita kudoko kumene asodzi akukocheza ndi usipa. Akufunsa mtengo wa chigoba, dzina la mwini ukonde ndi kalembedwe kake, n'kubwerera kukaipanikiza nkhaniyo m'mawu osapitirira 30. Wina akamuuza kuti usipa wachepa chifukwa mwezi ukuwala, sathamangira kulemba, amakafunsanso wachiwiri ndi wachitatu, poti safunsa anadya phula. Madzulo akutchera khutu Zodiak ndi MBC, kuona kuti aliyense wayamba ndi nkhani iti ndipo chifukwa chake n'chiyani. Pakhoma wamata pepala: Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko ndilo limateteza ufulu wa atolankhani, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ziphaso za wailesi amapereka ndi a MACRA. Mapepala a mayeso akale akuwayankha wotchi ili pambali, funso lililonse mphindi zake. Bandulo ija inkathera pa TikTok tsopano ikumakwana mwezi.

Musaiwalenso kuti a Sapu ndiwo amalembetsa wophunzira chikalata chake choyamba chokometsa mbiri. Mayi akafunsa chifukwa chobwererera kusukulu anzake asanatsegulire, yankho limatuluka losalala: "Amayi, asankha ochepa kuti tikayambe msanga." Bodza mulibemo, choonadinso mulibemo. Pali akuluakulu ena amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi pa luso lomweli.

Ena amadandaula kuti a Sapu ngodula, poti pamafunika ya minibasi, ya malo ogona ndi ya chakudya, ndipo nthawi zina mbuzi imachoka m'khola. Enanso akuti ngoumira, chifukwa m'masukulu ambiri ngakhale ukhoze motani amangokulembera malikisi ongodutsira. Ine ndimati kumeneko ndiko kulera mwana. Safuna kuti ubwere kumudzi ukudzitama kuti unaposa onse pa mayeso amene anzako sanalembe. Sasankhanso nkhope: Mtonga, Mlomwe, mwana wa nduna, wa msodzi, onse amawakhazika m'holo imodzi yopanda anthu, akupewana maso ngati sadziwana.

Choncho amene mwalandira kalata yawo chaka chino, pitani mwaulemu, mutenge mabolopeni awiri. Akakukanani, kuseri kuli akulu awo awiri, a Kubwereza Chaka ndi a Kuwidedwa, ndipo amenewo ngakhale mutandigulira chambo chathunthu sindingawalembere chitamando.