Malangizo kwa Wofuna Kukolola Dzuwa ndi Mphepo Pakhomo Pake

Akatswiri a zamagetsi amaphunzitsa kuti munthu wofuna kuphatikiza magetsi a dzuwa ndi a mphepo ayambe wawerengetsa mphamvu imene nyumba yake imadya pa tsiku, ndiko kuti mawati a chipangizo chilichonse kuchulukitsa ndi maola amene chimagwira ntchito. Koma mwininyumba wodzilemekeza sayenera kudzivuta ndi masamu otere, popeza cholinga chenicheni cha ntchitoyi n'chakuti anansi, pamene akufufuza machesi magetsi a ESCOM atathima, adziwe kuti pakhomopo pali munthu.

Pachifukwa chimenechi mapanelo a sola aziyang'ana kumsewu. N'zoona kuti Malawi ali kumwera kwa equator, kotero kuti panelo loyang'ana kumpoto ndilo limalandira dzuwa lochuluka pa chaka, komabe kumpoto kukakhala kuseri, kumene kuli khola la nkhuku, palibe wodutsa amene adzalione.

Nkhani ya mphepo imafuna kulimba mtima kwambiri. Nzeru ya kuphatikiza yagona pakuti dzuwa likasowa, monga usiku kapena mu Juni ndi Julaye pamene chiperoni chaphimba Thyolo ndi Mulanje, mphepo ikhoza kutseka mpatawo, koma mphepoyo ili ndi lamulo lake louma: liwiro lake likawirikiza kawiri mphamvu imachuluka ka 8, ndipo likatsika ndi theka pamatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Ichi n'chifukwa chake William Kamkwamba, pomanga makina ake a mphepo kwa Wimbe ku Kasungu, anawakweza pa nsanja yaitali ya mitengo ya bulugamu, kumene mphepo imathamanga kwambiri. Uyo anali mnyamata wongofuna kuwala. Munthu wamkulu akhomere makina ake padenga la malata, makamaka pafupi ndi mtengo wa mango umene umaswa mphepo, ndipo usiku umene adzazungulire, kunjenjemera kwa denga kudzadzutsa banja lonse kuti lichitire umboni.

Batire yoyenera ndi yotsika m'minibasi, imene inapangidwa kuti itulutse mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, osati kuunikira nyumba mpaka mbandakucha. Kontirola, kachipangizo koletsa batire kudzaza mopitirira muyezo, ikhoza kusiyidwa m'sitolo, pakuti siioneka kunja ndipo ndalama yake imakwana utoto wa geti. Inveta, imene imasandutsa mphamvu ya m'batire kukhala 230V yofunidwa ndi zipangizo za m'nyumba, iyesedwe tsiku loyamba ndi simbi ya mawati 1,000, imene imadya mofanana ndi mababu 100 a mawati 10, alendo onse ali pabalaza.

Zonse zikazima, mwininyumba anene kuti zipangizo za masiku ano n'zachinyengo, ndipo asalole kuti wina atchule za masamu aja. Makandulo akugulitsidwabe pa golosale iliyonse.