Mkamwini wa m'boti

Anthu anzeru amayamba aona malo, kenaka n'kugula katundu. Enafe timayamba tagula, malo n'kumakafuna katundu ali kale pamutu. Umu ndi mmene ndinagulira inveta, kabokosi kaja kotenga magetsi a batire a mavoti 12 n'kuwasandutsa a mavoti 230, ofanana ndi a m'nyumba. Wogulitsa ku Lilongwe anangoti, "Bwana, iyi ndi ya mawati 1,000. Mukakafika mukangolumikiza basi." Pokaiika sanandiuze, inenso kufunsa ndinachita nako manyazi, pajatu ndinali nditavala tayi.

Boti lake ndi lamatabwa, laling'ono, la injini ya mahosipawa 15, ndipo limagona ku Senga Bay. Ndi la anthu awiri, ine ndi alamu anga. Ine ndinaikapo ndalama, alamu amaikapo maganizo. Ntchito yake ndi kunyamula alendo okaona chilumba cha Namalenje, ena mpaka ku Maleri. Cholinga changa chinali choti alendowo azitchaja mafoni ndi malaputopu ali pamadzi, nyimbo zikulira, eni maboti ena azingodwala mutu kumtunda.

Tsiku loika tinalipo ine, alamu, mnyamata woyendetsa botilo, ndi amisiri ena a zamagetsi amene mayi a kunyumba anawaitana ine osadziwa. Ndinawalonjera mwa apo ndi apo. Munthu amene amasintha yekha mababu onse a m'nyumba mwake safunika kumuitanira anthu.

Ndinayamba ndi kuikhazika pansi, pakati pa boti, pamene pali malo ambiri. Mnyamata uja anayang'ana inveta, n'kuyang'ana chigubu chodula chimene amakapira madzi, n'kuyang'ana ine.

"Madala, pamenepo pali eni ake."

"Ndani?"

"Madzi."

Boti lamatabwa, ngakhale ulimate phula chotani, madzi amalowabe. Ndiye mwera ukayamba kuwomba, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mafunde salowa ndi odi. Ndinainyamulanso mwaulemu, n'kufotokoza kuti ndimangofuna kupumitsa manja.

Ndinapita nayo kumbuyo, kufupi ndi injini, poganiza kuti zamakina zizikhala mbali imodzi. Amisiri anatsokomola. Kumbuyoko ndiye kumakhala thanki ya petulo ndi chigubu chapadera. Anati nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, choncho siikwera m'mwamba, imatsika n'kukagona pansi m'boti. Tsono inveta wamba m'kati mwake mumathetheka timoto, makamaka poyatsa ndi polumikiza mawaya.

"Bambo, ziwirizi zikakumana, inu mudzamveka pa wailesi madzulo omwewo."

Kumveka pa wailesi ndakhala ndikukulakalaka kuyambira ndili mwana, koma osati pa mauthenga a maliro.

Kwatsala kutsogolo. Kumeneko kuli kachipinda kamene timasungamo nangula ndi zingwe, kouma bwino, kutali ndi petulo. Apa ndinaimika chifuwa. Amisiri anatola kamtengo n'kuyamba kulemba masamu pamchenga. Mawati 1,000 kugawa ndi mavoti 12, yankho lake ndi maampu opitirira 80. Ketulo ya kunyumba, ya mawati 2,000, sikoka ngakhale maampu 10, chifukwa iyo ili pa mavoti 230. Ndiye waya wochoka ku batire kupita ku inveta ayenera kukhala wonenepa, kukula kwake chala changa chaching'onochi, ndiponso wamfupi, mita imodzi kapena mamita awiri. Akatalika, magetsi amathera m'njira, waya amatentha, inveta imangolira n'kuzima. Ngati pali mtunda woti uyendedwe, ayende waya wa mbali ya mavoti 230. Batire lathu limakhala pansi pa mpando wapakati, ndipo mtengo wa waya wofika kutsogolo ataunena, alamu anakhala pansi.

M'thumba mwanga munali waya wopyapyala wa sipika amene ndinabwera naye kuti agwire ntchito imeneyi. Nsonga yake inali kusuzumira panja. Ndinaikankhira m'kati ndi chala, maso ali kunyanja. Mnyamata uja anathira ndemanga kuti kutsogolo ndiye kumene boti limamenya mafunde kwambiri, moti ngakhale mlendo wokhala kumeneko amatsika akuwerenga mano.

Alamu, amene nthawi yonseyi anali akusenda nzimbe, anaona kuti nthawi ya gawo lawo yakwana.

"Alamu, tikuvutikiranji? Ngati ikufuna kukhala pafupi ndi batire, iikeni m'bokosi la batire momwemo. Zizigona limodzi."

Mtima unandipweteka kuti nzeru yokongola chonchi yandidutsa ine n'kukatera pa munthu wosenda nzimbe. Koma amisiri anapukusa mutu. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa haidrojeni, umene ukaona kamoto umaphulika, komanso nthunzi ya asidi yomwe imadya mawaya ndi tizitsulo ta m'kati mwa inveta. Pamwamba pake penipeni ndiye poipitsitsa. Atamaliza, ndinakumbutsa gulu lonse kuti maganizowo anali a alamu.

"Tsono mukuti bwanji, amisiri? Kutali ayi, pafupinso ayi?"

"Pafupi, bambo, koma osati limodzi."

Pamenepo ndiye ndinaimvetsa, chifukwa moyo umenewo ndinaulawa. Inveta ndi mkamwini. Nyumba amange pamudzi pa apongozi, pafupi ndithu kuti akaitanidwa amve. Chakudya chake chonse chichokere m'nkhokwe za komweko. Koma kukhala nawo pamkeka umodzi ndi malodza, ndipo akakumana panjira, wopatukira kutchire ndi iye. Ntchito agwire mpaka thukuta kamukamu, wina asamuyamike. Chikalakwika chilichonse pamudzipo, kaya mbuzi yathyoka mwendo, kaya mvula yachedwa, woyamba kulozedwa chala ndi iye. Ndinaiyang'ana inveta ija ndi chisoni cha pachibale.

Chisoni chomwecho chinandipatsa nzeru ina. Ndinati tiikulunge m'jumbo, tiitsekere m'chidebe chokhala ndi chivindikiro, madzi asaione n'komwe. Amisiri anaitembenuza n'kundionetsa kafani kakumbuyo ndi timabowo ta m'mbali. Anati pa magetsi onse olowamo, gawo limodzi mwa magawo 10, nthawi zina kuposerapo, limasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumafuna potulukira. Ndi dzuwa la Okutobala la ku Salima, m'chidebe chotseka mutha kupsa mbatata. Jumbo ija ndinaipinda n'kuiika m'thumba momwe munali waya muja.

Malo anapezeka pansi pa mpando wapakati womwewo, koma mbali ina. Anaikhomera pathabwa m'mwamba, pamene madzi a pansi sangafike ngakhale mnyamata atagona osakapa. Pakati pa iyo ndi batire anatchinga ndi thabwa, ndipo bokosi la batire analiboolera potulukira mpweya pakepake. Mbali zonse anasiya mpata wa chikhatho kuti fani ipume, n'kuika timphira ta tayala pa zomangira kuti isamagwedezeke. Waya anakwana mita imodzi. Fyuzi anaiika pafupi penipeni ndi mutu wofiira wa batire, kuti mawaya akagundana ipse fyuziyo, osati boti. Switchi inakhala poti dzanja lifike munthu osagwada.

Pomaliza analankhula osaseka, ndipo nanenso pano sindiseka. Mavoti 230 a inveta amapha chimodzimodzi ndi a m'nyumba. Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, ndipo m'madzi otere magetsi otayika amadutsa m'thupi la munthu mosavuta kuposa m'madzimo. Manja ndi miyendo zimauma, munthu n'kumira pamalo poti amasambirapo tsiku ndi tsiku. Anaikapo kachipangizo kodula magetsi akangoyamba kutayika, n'kulamula kuti alendo akamatsika kukasambira inveta izizimitsidwa, ndipo dzanja lonyowa lisayandikire soketi.

Ulendo woyamba alamu anakwera ndi ketulo, ati tizigulitsa tiyi pakati pa nyanja. Atangoilumikiza, inveta inalira kamodzi n'kukomoka. Ketulo ikufuna 2,000, mnzathuyo mphamvu zake zikuthera pa 1,000. Chikhala inakwanitsa, batire la 100Ah likanagwada ola lisanathe, pomwe batire lotere ukamalikama kupitirira theka silikhalitsa, ndipo kainjini kathu kamabwezeramo maampu ochepa chabe. Alendo anamwa tiyi wa m'maganizo.

Mlendo wina atafunsa potchajira foni, mnyamata uja anapisa m'thumba n'kutulutsa katchaja ka m'galimoto, ka mavoti 12, kokhala ndi timano tiwiri tolumira ku batire. Foni inayaka nthawi yomweyo, inveta ili chikomokere.

"Iwe, kameneka wakhala nako kuyambira liti?"

"Kuyambira kale, madala. Mafoni onse timatchajira komweka."

Nkhani yonseyi mayi a kunyumba anaimva usiku wina tili mumdima, magetsi atazima, kandulo ikutha.

"Inu abambo, amisiri aja anati malo ake akhale otani?"

"Ouma, ozizira, opita mphepo, osagwedezeka, kutali ndi petulo."

"Malo otero m'boti mulibe. Ali pashelefu ya pabalaza panga."

"Mayi, chinthucho ndi cha boti."

"Boti limaonera TV?"

Lero inveta ili pashelefu. Batire lili pakhonde, kuseri kwa khoma, waya wamfupi wadutsa pawindo, fyuzi ili pamalo pake, ndendende monga ananenera amisiri. Injini yathu ndi yokoka ndi chingwe, ndiye boti likuyendabe, mafoni akutchajidwa ndi kabatire ka njinga yamoto. Ndinapempha mwaulemu kuti katunduyo abwerere kunyanja. Anandiyankha mwaulemunso kuti palibe vuto, tidzakambirana magetsi akadzasiya kuzima.