Wakhungu akati ndikugenda

Akuluakulu anati wakhungu akati ndikugenda, ndiye kuti waponda mwala. Anyamata a pa Chintheche amene amaunjikana m'tinyumba ta magemu madzulo, maso ali tong'o pa PlayStation, mwambiwu amauyesa nthabwala za agogo. Akafunse munthu amene anakumana ndi Sven van de Wege.

Sven ndi wa ku Netherlands ndipo anasiya kuona ali ndi zaka 6. Mu Ogasiti 2023 anapita ku Las Vegas ku mpikisano wa Evo, nakhala pansi kusewera Street Fighter 6 ndi munthu wa maso awiri abwinobwino. Wamasoyo anachokapo atagendedwa, khamu likuwomba m'manja. Mwala wa Sven unali m'makutu. A Capcom, eni gemuyi, anaikamo timaphokoso touza wosewera kuti mdani ali patali bwanji, ndiponso ngati chibakera chagwa kumutu kapena kumiyendo.

Chaka chomwecho kunatuluka Forza Motorsport, gemu ya mpikisano wa magalimoto, momwe munthu wosaona amayendetsa pomvera kulira komuuza pokhota ndi poponda mabuleki. Anathandiza kukonza zimenezi ndi Brandon Cole wa ku America, wosaonanso, yemwe anagwiraponso ntchito pa The Last of Us Part II ya mu 2020. Timabelu totere titaikidwa m'maminibasi a pa msewu wa M5, bwenzi mbuzi za pa Kande zikufa ndi ukalamba.

Koma mwala umenewu sugwa kumwamba, pamafunika wina auike pafupi ndi phazi. Kuno kunyanja ukadali patali. Makina a magemuwa ndi odula, magetsi amabwera ndi kupita mwakufuna kwawo, ndipo malangizo ake sali m'Chitonga kapena m'Chichewa. Foni ya Android ili ndi TalkBack, yowerengera munthu zolembedwa, koma magemu ambiri a pafoni anapangidwa ngati kuti aliyense ali ndi maso, moti TalkBack ikafika pamenepo imangoti zii.

Chodabwitsa n'chakuti pansi pa mitengo ya mango, kuyambira pa Mpamba mpaka ku Usisya, pali gemu imene inathana ndi vutoli kalekale popanda msonkhano wa akatswiri. Bawo ili ndi maenje 32 ndi njere 64, zonse zogwirika ndi zala. Njere ikagwa m'dzenje imamveka. Sifuna batire, sifuna bandulo, ndipo mdima ukagwa wovutika ndi wamaso, amene amayamba kuitanitsa tochi ya asodzi a usipa. Chofunika n'kungolola wosaonayo kupapasa bolodi lonse asanasewere. Wamaso amene akuganiza zozembetsa njere imodzi m'thumba adziwe kuti zala zija zinawerenga kale, ndipo mlandu wake ukaweruzidwa pomwepo, anthu onse a pa bawo akumva.